Azisudzo a konsati ku Gold Coast: mafunso ndi mayankho

Dziko lomwe lero tikulidziwa kuti Ghana linali m'manja mwa Angerezi, ndipo linkatchedwa Gold Coast kufikira pa 6 Malichi 1957. Kutatsala zaka pafupifupi 40 kuti ufulu ubwere, m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere munayamba kuoneka anyamata ovala majekete a mchira, odzipaka zakuda kumaso, akuimba nyimbo za ku America ndi kuseketsa anthu. Eni ake zisudzozi amazitcha concert party, ambiri amangoti konsati. Oyambitsawo sankadyera pasiteji ayi. Masana anali aphunzitsi, ana asukulu kapena makalaliki, dzuwa likalowa n'kusanduka anthu ena. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu amakhala nawo akangoona zithunzi zawo koyamba.

Konsati yake inali yotani? Tiganize za kwaya?

Za kwaya iwalani. Konsati ya ku Gold Coast inkaphatikiza nyimbo, gule, nthabwala ndi sewero usiku umodzi. M'zaka za m'ma 1930 inkayamba ndi nyimbo yotsegulira, ochita onse ali pamzere akuvina mogogoda nsapato pansi. Ikatha, wanthabwala ankatsala yekha n'kuimba kanyimbo ka ragtime, kaimbidwe ka ku America, kenako awiri n'kuyamba kuponyerana mawu, wina kudzitama, mnzake kumugwetsa. Sewero lenileni linkabwera kumapeto ndipo poyamba linali lalifupi. Zaka zikupita linakula n'kumeza zinazo, moti m'ma 1960 anthu ankalowa usiku n'kutuluka tambala atalira.

Sewerolo silinkalembedwa papepala. Gulu linkangogwirizana za mutu wa nkhani, woyamba kulowa ndani, nyimbo iti ibwere pati. Mawu enieniwo aliyense ankawapeza ali pasiteji pomwepo, kutengera mmene anthu akusekera.

Nanga zodzipaka zakuda kumasozi zinachokera kuti?

Ku America, ndipo chiyambi chake n'chonyansa. Cha m'ma 1830 mzungu wina wa ku New York, Thomas Dartmouth Rice, anatchuka ndi kudzipaka zakuda n'kumavina motsanzira kapolo wolumala yemwe anamutcha Jim Crow. Mu 1836 anafika nazo ku London ndipo anthu anamukhamukira. Mu 1843 azungu anayi anapanga gulu la Virginia Minstrels ku New York, ndipo posakhalitsa kunabwera la Christy's Minstrels lomwe linakhazika ndondomeko imene magulu onse anatsatira: oimba kukhala pamipando mozungulira ngati uta, pakati bwana wolankhula Chingerezi chapamwamba, kumapeto konse kuwiri anthu opusa, wina ndi kang'oma ka manjerenjeza, wina ndi mafupa ogogoda. Chodzipakacho ankachipanga pootcha zitsekero za mabotolo a vinyo n'kusakaniza mwaye wake ndi madzi kapena mafuta. Milomo ankaikulitsa dala ndi utoto woyera kapena wofiira.

Cholinga chinali kuseka munthu wakuda, kumuonetsa ngati waulesi, wamantha, wosangalala ndi ukapolo wake. Dzina la Jim Crow linadzakhala dzina la malamulo atsankho a kumwera kwa America. Zisudzo zoterezi, zotchedwa minstrel, zinayenda ndi sitima zapamadzi kufika kulikonse komwe Angerezi anaponda: Australia, India, South Africa, mpaka kumadzulo kwa Africa.

Zinalowera khomo liti ku Gold Coast?

Makomo anali angapo. Loyamba linali sukulu. Chaka chilichonse pa 24 Meyi, tsiku lobadwa la Mfumukazi Victoria, maiko olamulidwa ndi Angerezi ankachita chikondwerero cha Empire Day, chomwe ngakhale agogo athu a ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia anachigubira. Ana ankaguba, kuimba, ndipo madzulo kunkakhala timasewero ndi nyimbo zochokera m'mabuku a ku Ulaya, zina mwa izo za minstrel.

Lachiwiri linali doko. Sekondi inali tauni ya njanji ndi sitima zapamadzi. Njanji yochoka kumeneko inafika ku migodi ya golide ya Tarkwa mu 1901 ndi ku Kumasi mu 1903, ndipo doko lalikulu la Takoradi, pafupi pomwepo, linatsegulidwa mu 1928. Amalinyero akuda a ku America ndi a ku Liberia ankatsika ndi magitala, nyimbo ndi mavinidwe awo. Lachitatu linali kanema. Mafilimu a Charlie Chaplin anaphunzitsa anyamata kayendedwe koseketsa, ndipo a Al Jolson, mzungu woimba atadzipaka zakuda, anawaonetsa nkhope ija.

Panalinso anthu enieni oti n'kuwaonera pafupi. Pakati pa 1924 ndi 1926 wamalonda wa ku Accra, Alfred Ocansey, anabweretsa azisudzo awiri akuda, mwamuna ndi mkazi, odziwika kuti Glass and Grant, kuti azisewera m'nyumba yake ya kanema ya Palladium. Ocansey yemweyu ndi amene anadzalemba ntchito Nnamdi Azikiwe ngati mkonzi wa nyuzipepala yake, Azikiwe asanabwerere kwawo ku Nigeria komwe anadzakhala mtsogoleri wa dziko. Glass ndi Grant atachoka, anyamata awiri a ku Accra omwe ankawaonerera, Williams ndi Marbel, anapitiriza pomwe anasiyira.

Woyamba weniweni ndani?

Mbiri imaloza kwa Teacher Yalley, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ku Sekondi, amene anayamba kuseketsa anthu pa zikondwerero za Empire Day cha mu 1918. Ankavala wigi ndi ndevu zomata, n'kudzipaka kumaso, pambali pake pali woimba limba lopopa ndi mapazi ndiponso woimba ng'oma. Zonse zinali m'Chingerezi, matikiti okwera mtengo, ndipo oonera anali maloya, amalonda ndi makalaliki akuluakulu ovala masuti.

Koma amene anaichotsa konsati m'manja mwa mabwanawo ndi Ishmael Johnson, wobadwira ku Saltpond, yemwe ali mwana wasukulu ku Sekondi ankaonerera Yalley ndi maso onse awiri. Iye ndi anzake a kusukulu anapanga kagulu kotchedwa Versatile Eight. Mu 1930 anagwirizana ndi J. B. Ansah ndi Charles Horton n'kupanga gulu la Two Bobs and their Carolina Girl, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1930 analowa m'gulu la Axim Trio limodzi ndi Charlie Turpin ndi E. K. Dadson. Gulu limeneli ndi lomwe linamveka dziko lonse, n'kufikanso ku Nigeria, Liberia, Ivory Coast ndi Sierra Leone.

Bwanji aliyense akutchedwa Bob?

Johnson mwiniwake ankafotokoza kuti dzinalo analitola kwa amalinyero akuda a ku America omwe ankabwera ku kalabu ina ya ku Sekondi, anthu oti aliyense ankamuitana kuti Bob. Linamukanirira, kenako linasiya kukhala dzina la munthu n'kusanduka dzina la udindo. Wanthabwala wa gulu lililonse anakhala Bob: Bob Ansah, Bob Cole, Bob Vans.

Mukamati sankadyera pasiteji, mukutanthauza chiyani? Ankalandira ndalama kapena ayi?

Ankalandira, koma poyamba sizinali zoti munthu n'kutula nazo pansi ntchito. Gold Coast ya nthawi imeneyo inali ndi anyamata ambiri omwe anamaliza Sitandade 7, odziwa Chingerezi chokwanira kulemba malisiti m'sitolo ya mzungu koma osakwanira kukhala loya. Kumudzi sankafuna kubwerera, m'kalabu ya mabwana sankaloledwa. Konsati inatuluka mwa anthu a pakati amenewa. Yalley anali mphunzitsi. E. K. Nyame, yemwe anadzasintha zonse mu 1952, anayamba ali kalaliki ku Accra, gitala n'kumaimba ataweruka. Bob Vans anali msilikali. Ku Nigeria, Hubert Ogunde, tate wa zisudzo zoyendayenda za Chiyoruba, anali mphunzitsi, woimba limba m'tchalitchi, kenako wapolisi, ndipo sewero lake loyamba ku Glover Memorial Hall ku Lagos mu 1944 analichita adakali mu yunifolomu ya boma.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, mmene ine ndimaionera. Anthuwa analibe boma kapena mpingo wowalipira. Chomwe ankapeza pa konsati ndi chomwe chatoleredwa pakhomo lolowera usiku umenewo, atachotsapo ya holo, ya lole ndi ya oimba malipenga. Munthu wodya za pakhomo sangaumirire nthabwala yomwe anthu sakuseka. Loya wa ku Sekondi ankatha kuombera m'manja nyimbo ya Chingerezi pofuna kuonetsa kuti waimva, koma mlimi wa koko, mbewu yopangira chokoleti, yemwe wapereka ndalama yake ya thukuta ankafuna kuseka zenizeni. Johnson ndi anzake atatsitsa mtengo wa tikiti n'kuyamba kulowa m'midzi, oonera atsopanowo anayamba kuikoka konsati kuti ibwere kwawo. Chinenero chinasintha, nyimbo zinasintha, nkhani zinasintha. Sanachite kukhala pansi n'kupangana kuti tiyeni tichotse zachizungu. Njala ndi khomo ndi zomwe zinalamula.

Komabe, munthu wakuda n'kumadzipaka zakuda? Sankadzinyoza okha?

Funso ili ndi lomwe limavutitsa aliyense, ndipo yankho lake si limodzi.

Ofufuza omwe anacheza ndi akuluakulu a konsati ali moyo, monga John Collins ndi Catherine Cole, anapeza kuti ochitawo sankaiona nkhope ija ngati chithunzi cha mtundu wa anthu. Kwa iwo inali nkhope ya wanthabwala basi, chizindikiro choti uyu akalowa konzekani kuseka. Mwana wa ku Saltpond sanakhalepo pansi pa malamulo a Jim Crow. Pa kanema ankaona munthu wovala bwino, wovina mwaluso, wochokera ku America, dziko lomwe kwa iye linali la magalimoto ndi nyimbo zatsopano. Ndiponso m'holo yodzaza anthu akuda okhaokha, kuda sikunali chinthu chosekedwa. Chooneka kwambiri pankhope ija, makamaka ndi kuwala kwa nyali ya mafuta, chinali choyera cha pamilomo ndi m'maso. Kudzipaka choyera sikunali kwachilendo kwa Aakani, mtundu waukulu wa anthu a dzikolo, omwe amadzola dothi loyera pa miyambo yachipembedzo ndi posonyeza chimwemwe kapena kupambana.

Ife a ku dera la Gule Wamkulu izi sitiyenera kuvutika kuzimva. Simoni amatuluka ndi nkhope yofiira ya mzungu wopsa ndi dzuwa, Maliya ndi maonekedwe a dona wa kumishoni, ndipo palibe amaganiza kuti mudzi wagonja kwa azungu. Chachilendo chikalowa m'bwalo, eni bwalo amachipatsa ntchito yawo.

Koma ndingakhale wabodza nditati nkhani yathera pomwepo. Nyimbo zija zinafika kudzera m'sukulu za atsamunda, pa tsiku lotamanda ufumu wa atsamunda, ndipo m'mawu ake munali mayina onyoza omwe anyamatawo ankawaimba mokweza osadziwa kulemera kwake. Mzungu wokhala kutsogolo pa konsati ya Yalley ankaseka chinthu china, wa kumbuyo ankaseka chinanso. Kusadziwa kwa woimba sikuchotsa zomwe womvera wina akumva. Chomwe tinganene motsimikiza n'chakuti pansi pa utoto uja munalowa munthu wina. Bob wa ku Gold Coast sanali kapolo wopusa wa ku America. Anali Ananse, kangaude wa m'nthano za Aakani, wadyera, wabodza, wochenjera mopitirira, yemwe amapusitsa akuluakulu kenako n'kukodwa mumsampha wake womwe. Ndi mbale wake wa Kalulu. Ufulu utabwera, anthu atamva bwino za tsankho la ku America, kudzipaka zakuda kunayamba kuchepa, koma Bob anatsala.

Anthu atatu okha ankakwanitsa bwanji sewero lathunthu?

Maudindo anali atatu ndipo anali okwanira. Panali njonda, bambo wa suti ndi ndodo wolankhula Chingerezi chothyola lilime. Panali dona, wa diresi, chipewa ndi nsapato za gogoda. Ndiye panali Bob, kawirikawiri wantchito wa m'nyumba mwawo, wolankhula Chingerezi cha m'misika chosakaniza ndi Chifante, chinenero cha Aakani a m'mphepete mwa nyanja. Bwana akalamula, Bob ankamva mokhota dala. Dona akabisa chibwenzi, Bob ndi amene ankanyamula kalata, n'kudya mbali zonse ziwiri. Ankathanso kutembenukira kwa oonera n'kuwauza m'chinenero chawo zomwe akuganiza za mabwana akewo, iwo ali chiimire pomwepo ngati sakumva.

Taganizani amene ankaseka. Ambiri anali anthu omwe masana onse akhala akunena kuti inde bwana kwa kalaliki wamkulu kapena kwa kapitawo wa pamgodi.

Dona uja anali mkazi weniweni?

Ayi, anali mwamuna. Horton ndiye anali Carolina Girl, ndipo Dadson ankasewera ngati Susanna. Makolo sakanalola mwana wawo wamkazi kuyenda m'malole ndi anyamata n'kumagona m'maholo, ndipo mkazi wokwera pasiteji ankatengedwa ngati woyendayenda. Amuna ovala madiresiwa ankaimba ndi mawu ang'ono okwera, ndipo aluso mwa iwo ankawerengedwa ngati chuma cha gulu. Akazi anayamba kulowa m'konsati m'zaka za m'ma 1960, makamaka kudzera m'gulu la Workers Brigade lomwe boma la Kwame Nkrumah linkalipira.

Ogunde ku Nigeria anathana nalo vutoli mwa njira yakeyake: akazi ambiri a m'gulu lake anawakwatira.

Susanna uja anathera kwina kosayembekezeka. E. K. Dadson analowa ndale m'chipani cha Nkrumah n'kukhala phungu wa nyumba ya malamulo.

Ulendo wa gulu unkayenda bwanji?

Unkatsata koko. Pofika 1911 Gold Coast inali patsogolo pa dziko lonse pogulitsa koko, ndipo ndalama zinkalowa m'midzi nyengo yokolola, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Khirisimasi itadutsa. Nthawi imeneyo ndi yomwe magulu ankanyamuka. Mvula ikalimba misewu inkaterera, m'matumba mwa alimi n'kuuma, ndipo azisudzo ankabwerera ku ntchito zawo zina kapena kukakonza masewero atsopano.

Patsogolo pankapita munthu mmodzi yemwe ankamutcha pioneer man. Ntchito yake inali kukapeza malo, kukaonekera kwa mfumu, kumata zikalata pamitengo ndi pamakoma. Malowo ankatha kukhala nyumba ya kanema, sukulu, nyumba yosungiramo koko, kapena bwalo la pakati pa nyumba ya munthu wolemera, bola pakhale khomo limodzi loti wina aimepo ndi mbale ya ndalama. Tsiku lake likafika, lole inkalowa m'tauni madzulo itasenza mabokosi a zovala, ng'oma ndi anthu pamwamba. Asanatsitse n'komwe katundu, ankazungulira tauni akuimba, ana ali pambuyo piringupiringu. Axim Trio inkayenda ndi woimba limba ndi wa ng'oma, ndipo ikafika pamalo inkachita ganyu bandi ya malipenga ya komweko kuti ikope anthu.

Siteji nthawi zambiri inali matabwa oyalidwa pa mabokosi kapena matebulo olumikiza, kumbuyo nsalu yotchinga povalira. Sewero likafika pa mwana wamasiye yemwe mayi womupeza akumumana chakudya, amayi a m'gulu la oonera ankanyamuka, kukwera pasiteji, n'kumupatsa ndalama kapena buledi m'manja, misozi ili chuchuchu, ngakhale akudziwa bwino lomwe kuti mwanayo ndi bambo wa ndevu zometa. Mayi wankhanzayo ankalandira matemberero ndi makoko a malalanje. Woimba akakoma, ankamumata ndalama yachitsulo pamphumi ya thukuta. Kukacha, atagawana zomwe zatsala, ochita aja ankagona pansi m'holo momwemo, mabokosi ali kumutu, kudikira lole.

Masewerowo ankanena za chiyani?

Oyambirira anali a m'nyumba ya njonda ndi dona aja, ndipo ena ankasangalatsa boma: mu 1937 Axim Trio inachita sewero la kulongedwa ufumu kwa George VI. Koma pomwe konsati inkalowerera m'midzi, inayamba kutola nkhani za pakhomo pa oonerawo. Mnyamata wopita ku tauni n'kukathera ndalama mu mowa. Mitala ndi nsanje yake. Ufiti. Mtsikana wokana amuna a kwawo n'kukwatiwa ndi mlendo wooneka bwino yemwe kenako asanduka chilombo.

Nkhani imodzi inkabwera mobwerezabwereza, ndipo Mchewa aliyense aizindikira. Aakani amatsata mtundu kuchikazi ngati ife. Mwamuna akamwalira, chuma chake mwamwambo chinkapita kwa mbale wake kapena kwa mwana wa mlongo wake, osati kwa ana ake obereka. Kale, chuma chili munda wa chakudya ndi nsalu zingapo, izi sizinkapweteka kwambiri. Koma koko ndi mtengo wokhala zaka makumi, wobala ndalama chaka ndi chaka. Mkazi ndi ana ankatha kulima munda wa koko moyo wawo wonse, bambo n'kumwalira, muphwa wochokera ku tauni n'kubwera ndi sutikesi kudzawatulutsa. Sewero likafika apa, m'holo munkakhala anthu oti zinawachitikira chaka chathachi, ndi enanso oti ndi iwo anatulutsa anzawo.

Chingerezi anachisiya liti?

Pang'onopang'ono. Two Bobs ndi Axim Trio ankasakaniza kale Chingerezi ndi Chifante. Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1952 pomwe E. K. Nyame anaphatikiza bandi yake ya magitala ndi gulu la zisudzo n'kupanga Akan Trio. Iye anachita masewero onse m'Chitwi, chinenero china cha Aakani, n'kuchotsa ragtime kuikapo highlife, nyimbo za komweko zomwe anthu ankavina kale m'mabala. Kuyambira pamenepo nyimbo inakhala mbali ya nkhani: wamasiye akafika pa chisoni chosaneneka, ankasiya kulankhula n'kuyamba kuimba. Magulu ena onse anatsatira. La Kakaiku, lochokera ku dera la migodi la Tarkwa, ndi la Jaguar Jokers onse anayamba mu 1954 ali kale m'njira ya Nyame. Iye atamwalira mu 1977, boma linamuika m'manda mwaulemu wa dziko.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inakhudzapo?

Kwambiri. Asilikali a ku Gold Coast anatumizidwa ku India ndi ku Burma kukamenyana ndi Ajapani, nkhondo yomweyo imene asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anakamenya. Kumeneko Bob Vans ndi anzake anapanga gulu loseketsa asilikali m'misasa ndi m'zipatala, ndipo poti asilikaliwo anali a zinenero zosiyanasiyana, ankasewera m'Chingerezi cha m'misika chomwe onse ankamva. Atabwerera kwawo anadzitcha Burma Jokers. Mu 1948 anasintha dzina n'kukhala Ghana Trio, kutatsala zaka 9 kuti dzikolo litchedwe Ghana.

Chaka chimenecho si chamasewera. Pa 28 Febuluwale 1948 asilikali akale anaguba ku Accra kukapereka madandaulo awo kwa bwanamkubwa, apolisi n'kuwombera ndi kupha atatu: Sajeni Adjetey, Kopolo Attipoe ndi Odartey Lamptey. Zipolowe zomwe zinatsatira ndi zomwe zinafulumizitsa ufulu.

Ndiye atsamunda ankangowayang'ana?

Kwa nthawi yaitali ankawaona ngati anyamata ongoseketsa anthu, ndipo m'boma munalibe azungu ambiri omva Chifante mokwanira kutola zomwe Bob akunong'oneza oonera. Nkrumah atakhazikitsa chipani cha Convention People's Party mu Juni 1949, zinthu zinaonekera poyera. Otsatira ake ambiri anali anyamata a Sitandade 7 omwe aja, ndipo azisudzo anali a m'gulu lomwelo. Axim Trio, yomwe inatamanda George VI, inayamba kuchita masewero otamanda Nkrumah. Bob Ansah anagwidwapo n'kufunsidwa ndi boma za zomwe ankanena pasiteji. Ku Nigeria, Ogunde anachita sewero la sitiraka yaikulu ya 1945, ndipo lina lonena za kuphedwa kwa ogwira ntchito pa mgodi wa malasha ku Enugu mu 1949 linaletsedwa ku Kano.

Tisawasandutse ngwazi zonse. Ambiri ankatsata komwe oonera apita, monga ankachitira kuyambira kale.

Anthu ophunzira a dzikolo ankanyadira konsati?

Ambiri ayi. Konsati itachoka m'makalabu awo n'kupita kwa alimi, anaitembenukira msana. Kwa iwo zisudzo zenizeni zinali za Shakespeare pa sukulu ya Achimota, ndipo wa konsati anali chidakwa chosakhazikika chomwe sungachipatse mwana wako. Amene anaona patali ndi Efua Sutherland, yemwe ufulu utabwera anatsegula Ghana Drama Studio ku Accra n'kumanga zisudzo zake pa nthano za Ananse, kangaude yemwe a konsati anali atamukweza kale pasiteji.

Kuno kumwera kwa Africa kunali zotere?

Zinaliko, ndipo zinafika msanga kuposa ku Gold Coast. Gulu lotchedwa Christy's Minstrels linasewera ku Cape Town mu 1862. Mu 1890 kunabwera Orpheus McAdoo ndi gulu lake la Virginia Jubilee Singers, anthu akuda a ku America, omwe anayenda m'matauni a South Africa kwa zaka zingapo mpaka 1898. Kwa anthu akuda a ku Kimberley ndi ku Natal, kuona anzawo ovala bwino akuimba pamaso pa azungu olipira chinali chinthu chachikulu, ndipo magulu otsanzira anabuka ponseponse. Kaimbidwe ka Azulu ka isicathamiya, ka m'mahositelo a ku Durban ndi Johannesburg, ka majekete ofanana ndi magolovesi oyera, kali ndi muzu kumeneko. Ku Cape Town, chikondwerero cha pa 2 Januwale cha magulu a Kaapse Klopse chikuchitikabe, nkhope zopakidwa mitundumitundu ndi maambulera m'manja.

Ku Southern Rhodesia, komwe anthu a ku Nyasaland anadzaza m'makomboni, kunali magulu ngati De Black Evening Follies a ku Salisbury ndi Bantu Actors a Kenneth Mattaka, yemwe anabadwira ku Nyasaland. Nawonso anali anthu a ntchito zawo masana, osewera Loweruka m'maholo a m'malokeshoni monga Stanley Hall ku Makokoba, Bulawayo. Kwathu kunyanja njira inali ina: beni, malipenga ndi mganda zinatola yunifolomu ndi perete wa msilikali m'malo mwa jekete la minstrel, ndipo zinakhala za pabwalo, zopanda khomo lolipiritsa.

Konsati ilipobe ku Ghana?

Ya malole ija inatha. Inafika pachimake m'ma 1960 ndi 1970, magulu ali makumimakumi, mpaka inawolokera ku Togo komwe gulu la Happy Star linkasewera m'Chiewe, chinenero cha kumeneko, ku Lomé. Kenako chuma cha Ghana chinagwa, mafuta ndi matayala zinasowa, ndipo Jerry Rawlings atalanda boma pa 31 Disembala 1981 kunabwera lamulo loletsa kuyenda usiku lomwe linakhala zaka zoposa ziwiri. Kwa anthu odya za usiku, limenelo linali manda. Oimba ambiri anathawira ku Nigeria ndi ku Germany, ena analowa m'mabandi a matchalitchi. Lamulolo litachotsedwa, m'midzi munali mutalowa kale mavidiyo, ndipo munthu mmodzi wokhala ndi wailesi ya kanema ndi jenereta ankatolera pakhomo ndalama zomwe kale zinkadyetsa anthu 20.

M'zaka za m'ma 1990 inadzukanso m'maonekedwe ena, ku National Theatre ku Accra, pa pulogalamu ya Key Soap Concert Party yomwe kampani ya sopo inkalipira ndipo inkaonetsedwa pa wailesi ya kanema. Ena mwa anthabwala omwe anatchukira pamenepo, monga Agya Koo, anapita kukapanga mafilimu a Chitwi ku Kumasi.